Dzenje la Paré

Abidjan, 8 Malichi 1998

Amake Nongma,

Moni wanga muulandire ndi manja awiri. Muli bwanji kumeneko ku Saponé? Nanga amayi, miyendo ija yaleka kutupa? Akulu anga a Noraogo ndi onse a m'nyumba mwawo muwapatse moni, ndipo kamtsikana kangako mukatsine khutu pang'ono kuti kadziwe kuti kali ndi bambo. Ine kuno ndili bwino. Msana wokha ndi umene umadandaula, poti ngolo ya chinangwa ilibe chisoni.

Wogwira cholembera ndi yemwe uja, kapolo wanga Paré, Msamo wodya agalu, paja ife Amosi ndi Asamo ndife mitundu ya pachisuwani, yotukwanizana mwachipongwe. Akuti ndikuuzeni kuti mfumu yanu ikupereka moni, ndiponso kuti munakwatiwa ndi bulu. Musamumvere. Inunso aphunzitsi amene mukuwawerengera akazi anga kalatayi, mukapeza mawu onyoza Amosi dziwani kuti wawonjezera yekha. Amandidyera masuku pamutu poti ine kuwerenga sindidziwa.

Nkhani imene ndakhala ndikukusungirani ndi iyi: chipinda chatha. Chathuchathu, Talato mkazi wanga, osati chija timagonamo amuna chiunjikire ngati matumba a makala. Chili konkuno m'dera lathu la Kumatabwa, m'mbali mwa dziwe, pa malo a apongozi ake a Paré. Mukudziwa kuti kapoloyu anakwatira mwana wa eni nthaka, Badjo, amene ndimamukankhira chinangwa chophikira atieke, chakudya cha kuno chimene amagulitsa. Bambo ake a Badjo, mkulu Akré, anabwera okha ndi ndodo yawo n'kuloza pansi, amvekere, "Mmosi wa mkamwini wanga amange apa." Paré wakhoma matabwa a mabokosi a kudoko, denga ndi la malata akale koma silidontha. Chatsala ndi chitseko. Tsiku lililonse amati mawa, kaya ndi mmisiri wanji ameneyu.

Ndiye mukakolola mapira mubwere ndi Nongma. Zaka zonsezi mwakhala mkazi wa m'makalata, ndipo mwana wanga ndamuona kawiri kokha. Ulendo wachiwiriwo anandithawa n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe, ndipo zimenezo zimandipweteka mpaka lero. Muyambe kuwanyengerera a Noraogo pang'onopang'ono, mumawadziwa safuna kudzidzimutsidwa.

Kudzera mwa mnzathu Sibiri amene akubwera kumudziko ndatumiza nsalu ziwiri, sopo, ndi mtedza wa kola woti amayi azitafuna. Nsalu yobiriwirayo ndi yanu, musawapatse alamu anu ngakhale alire. Ndikanatumiza zambiri, koma chiphaso cha alendo chakwera mtengo, ndipo masiku ano pamsewu akangoona mphini zathu kumaso safunsanso dzina.

Kukumveka kuti akuluakulu a mzinda akufuna kulambula misewu Kumatabwa, ndipo otsala adzakhala okhawo amene eni nthaka awavomereza. Paré akuti ndisade nkhawa, iye alipo. Tiona.

Ndine mwamuna wanu,
Pousga Nikiema


Abidjan, 26 Epulo 1998

Amake Nongma,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani ndi moyo, inu ndi onse a pakhomo. Yanu ndinalandira, ndipo ndamva za bulu wodwala uja. Musamugulitse nyengo ino, palibe angakupatseni mtengo wabwino dzinja lisanayandikire. Ine ndili bwino. Paré akutsokomola, akuti ndi utuchi wa matabwa.

Lamulungu lapitali eni nthaka anatiitanira kubwalo la tchalitchi chawo kukakamba za misewu ija. Kunadza anthu, Talato. Amosi, Ajula, Ahausa ootcha nyama, asodzi a ku Ghana, mtundu uliwonse pansi pa mtengo wake. Eni akewo anakhala pamipando.

Woyamba kuima anali Mobio, mlongo wake wa Badjo, amene anapita patali ndi sukulu ndipo amagwira ntchito mu ofesi. Salankhula mokalipa, ndipo n'chimene chimandiopsa. Anati, "Ife sitikuthamangitsa munthu. Koma wofuna kukhala pakati pathu akhale ngati ife. Mayi anga akapita kumsika wa agogo awo amafuna womasulira kuti agule tomato. Nkhosa mumaphera pamsewu. Ana anu obadwira pano sadziwa n'komwe kupereka moni m'chinenero chathu. Ndiye mundiuze, pano mlendo ndani, inu kapena ife?" Ndisaname, za mayi akezo zinandilowa. Ndinaganiza za amayi akulephera kugula mchere pamsika wa Saponé.

Bambo ake omwe ndi amene anamuyankha, ali chikhalire. "Ine ndili mnyamata pano panali matope ndi udzudzu. Anadula mitengo ndi anthu awa. Ndinawalandira ndi zakwawo zomwe, sindinawauze kuti azisiye pasiteshoni."

Mobio anati, "Nthawi imeneyo anali ochepa, bambo. Tawaonani lero."

Kenaka Mhausa wina wamtima wapachala, dzina lake Garba, anafuula kuti mzinda uno tinamanga ndife. Achinyamata a eni nthaka n'kuimirira, mipando n'kuyamba kugwa. Inenso magazi anali atakwera, mutu wanga mumaudziwa. Nditati nditsegule pakamwa, Paré anandiponda chala chakuphazi mpaka misozi inalengeza. Iye ndiye anaima n'kulankhula m'chinenero chawo chenichenicho. Sindinamve zonse, koma ankandiloza ine, anthu n'kufa nalo phwete, ngakhale Mobio anabisa kukamwa ndi dzanja. Pobwerera ndinamufunsa. Akuti anawauza kuti akafuna kuthamangitsa alendo ayambe ndi Mmosi uyu, iye awathandiza kumumanga, koma adziwe kuti mawa lake chinangwa adzasenza okha pamutu.

Anamanga mfundo yoti pasankhidwe anthu okambirana mpaka mvula idzathe, ndipo Paré ali m'gulumo kuimira ife. Munthu mmodzi yemweyo, kwa iwo ndi mkamwini, kwa ife ndi wakwathu. Ndamuuza alembe kuti ndikumuyamikira pang'ono, koma ndikuona akulemba nthawi yaitali, kaya akudzipatsa maudindo anji.

Mpunga wakwera, mafuta akwera. Chitseko sichinabwerebe.

Mwamuna wanu,
Pousga


Abidjan, 14 Juni 1998

Amake Nongma,

Moni kwa inu, kwa amayi, kwa onse. Ngati mvula yayamba kumeneko, dzalani kaye munda wa kuchitsime, wakumtunda uja ungadikire. Kuno ikugwa osapumira, madzi a m'dziwe afika pakhonde.

Ndili bwino. Paré nayenso ali bwino, wanena kuti ndinene choncho. Kalatayi tikulembera kunyumba kwake, iye atatsamira khoma, ndiye mukaona mizere yakhota musadabwe. Badjo wapita naye kuchipatala kangapo. Mankhwala akumwa.

Lero tayambana, ndipo ndamuuza kuti alembe mkangano wonse kuti inu mutiweruze. Lemba, kapolo iwe, usadumphe.

Wandiuza kuti, "Ine ndikafa apongozi anga adzandiika m'manda awo, mkulu Akré wanena kale. Kudzakhala malipenga, anthu atavala zoyera, aliyense kunena kuti ndinali munthu wabwino. Ndidzapita ngati munthu wopanda kwawo. Iwe udzalowe m'dzenjemo, udzanditukwane mpaka makolo anga ku Toma amve kuti akubwerayu ndi wathu."

Mukukumbuka maliro a bambo anga, Talato. Asamo atatu aja analowa m'dzenje n'kukhala pansi kumatafuna mtedza, akuti nkhalamba iyi ikunamizira, ikuthawa kulima, sitituluka mpaka mutipatse nkhuku. Amayi anali atakana chakudya chichitikire zovutazo, koma anaseka misozi ili m'masaya, ndipo tsiku lomwelo anadya. Msamo akafa, ntchito imeneyo ndi ya Mmosi. Sindikukana ayi. Koma ndamuuza kuti kuno si kwathu, manda ndi a eni, ndipo chaka chino anthu akutiyang'ana ngakhale mmene timayetsemulira. Mobio adzakhala pomwepo.

Iye amvekere, "Ndiye Mmosi wachita mantha? Badjo, bwera udzaone, lero kapolo wavomera yekha kuti ndi wamantha." Badjo sanaseke. Anatuluka panja kukapala chinangwa chopalapala kale.

Ndamuuza kuti Msamo safa msanga, nyama ya galu imalimbitsa. Ndamuuzanso kuti asanamalize chitseko changa sapita kulikonse. Koma wandigwira dzanja osalisiya, ndiye ndalonjeza. Dzanja lake lapepuka, Talato. Akukana kulemba zimenezo, ndamuuza kuti akapanda kulemba ndibweza lonjezo.

Watopa. Ndilekere pomwepa.

Pousga


Abidjan, 2 Ogasiti 1998

Amake Nongma,

Aphunzitsi akuuzani kale kuti dzanja lasintha. Akulemba ndi bambo wina wokhala ndi tebulo panja pa positi, amalipiritsa pa tsamba, ndiye moni ndifupikitsa: onse muwapatse. Ine ndili moyo.

Paré anatisiya pa 19 Julayi, m'mawa mvula ikuwaza. Amayi muwauze mofatsa. Ankamukonda kuyambira ulendo uja anabwera nane kumudzi n'kumawatcha mkazi wake wokalamba.

Tinamuika Loweruka m'manda a eni nthaka, mlendo woyamba kugona mmenemo. Zinali monga ananenera. Malipenga, amayi a mpingo atavala zoyera, bokosi lonyezimira logula m'tauni, mmisiri wa matabwa kugona m'bokosi lokhoma wina. Mmodzimmodzi ankaima kunena kuti anali wofatsa, waulemu, wosayambana ndi munthu. Ine n'kumadzifunsa kuti kodi anthuwa akuika ndani. Asamo analipo ochepa, ataima kumbuyo ndi mkulu wawo Drabo, amene amalondera sitolo ina ya kumsika. Drabo ankangondiyang'ana.

Ndisakunamizeni, ndinaganiza za chipinda. Ndinaganiza za inu ndi Nongma. Koma atayamba kumanga zingwe zotsitsira bokosi ndinangozindikira ndili pansi m'dzenje, matope mpaka m'akakolo.

Ndinatambasula dzanja n'kumenya bokosi lili m'mphepete, ndimvekere, "Dzuka, waulesi iwe. Ukunamizira kufa kuti uthawe chitseko changa? Wakupatsa chilolezo ndani, kapolo kugona mbuye wake ali chiimire? Muno salowa wodya agalu mpaka abale ake andilipire." Ndinanena zambiri, zina si zolembetsa kwa munthu wachilendo. Mawu ankatuluka okha, misozi nayonso. Kumbuyo kuja Asamo anayamba kuseka ndi kulira pamodzi. Drabo ankadzipanikiza kubwera kutsogolo ndi tambala amene anabisa m'chovala, akuti, "Tulukamo, bulu iwe, nayi nkhuku yako, ileke mfumu ipite."

Malipenga anasiya. Tambalayo sanandifike. Anyamata a eni nthaka anandikokera kunja ndi malaya, ndipo zotsatira zake sindilembetsa. Dzino limodzi lapita, nthiti zikupola. Mobio sanandikhudze, anangoti, "Mwaona, bambo? Ndi zimenezi mumati tizilandire." Mkulu Akré anali atagwira ndodo ndi manja awiri, osayang'ana munthu. Badjo anali atafunda nsalu kumutu, mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kulira kokha.

Anamukwirira ine ndili kunja kwa mpanda. Dothi sindinaponyeko, ndipo mtima wanga ukuwawa kuposa nthitizi.

Tsamba latha. A Noraogo musawauze za kumenyedwaku.

Pousga


Abidjan, 6 Sepitembala 1998

Amake Nongma,

Moni. Yanu yafika, ndipo ndinakaiwerengetsa kwa anthu awiri osiyana, kufuna kuimva kawiri. Ndamva kuti mapira aima bwino, kuti a Noraogo avomera, kuti mbuzi yaikazi ija mwagulitsa kale kukonzekera sitima, ndiponso kuti Nongma akuuza mudzi wonse kuti akukaona madzi opanda tsidya. Zija mwanena kuti ndinachita zoyenera ndazimva, zikomo. Kuno palibe akunena choncho.

Nkhaniyi ikamayenda ikunenepa. Kumsika akuti Mmosi anakwirira mankhwala m'manda a eni nthaka. Ena akuti ndinakodzeramo. Ena akuti tinali gulu ndi zikwanje. Amayi a atieke asiya kundipatsa katundu, ngolo yangokhala, ndikudyera kusenza njerwa apo ndi apo. Sabata yatha kunabwera anthu ndi chitini cha penti yofiira kudzalemba mtanda panyumba zoti zigwe. Mzere wathu wonse walembedwa, chipinda chathunso. Anansi anga, Amosi anzanga enieni, akandiona amalowa m'nyumba. Mmodzi anandiuza pamaso kuti, "Unafuna kusangalatsa wakufa, ndiye ana athu akagone kumandako?"

Mkulu Akré anandiitanitsa. Ndinagwada pakhomo, iwo anati ndikhale pampando. Anati, "Mwana wanga, chisuwani chotere ifenso tili nacho ndi mitundu ina, ndikuchidziwa. Ndili wamng'ono ndinaonapo anthu akutsekereza bokosi la amalume anga mpaka anawapatsa mowa. Ine ndinamva zimene unkachita. Koma achinyamata athu sanaone msuwani, anaona mlendo ataponda m'manda a agogo awo. Ndipo amene ankatimasulira ife ndi inu ndi yemwe anali m'bokosimo."

Kenaka anandiuza zimene Mobio ndi gulu lake agwirizana. Pa 27 mwezi uno ndikaime pabwalo la tchalitchi pamaso pa onse, ndikanene kuti zimene ndinachita ndi khalidwe lakutchire, lochititsa manyazi, kuti ndinanyoza wakufa, ndipo kuti chipongwe cha Amosi ndi Asamo sichidzamvekanso Kumatabwa, kaya pamaliro kaya pamsewu. Ndikatero mitanda ya mzere wathu aifufuta. Ndikakana, matabwa ndizule ndekha chigalimoto chogumula chisanafike.

Kupepesa kuti ndinawapweteka mtima ndingapepese lero lomwe, ndi nkhosa pamwamba. Ndinawauza choncho. Koma akufuna ndinene kuti ndinamunyoza Paré, Talato. Mkuluyo anangoti, "Mawu ndi amenewo. Ine mphamvu zinatha."

Chimvekere zimenezi pakhomo panga sipakuuma. Garba, Mhausa wa nyama uja, akuti, "Usanene. Lero akulanda zimenezi, mawa atiuza kuti mayina athu akuwalemera pakamwa." Anansi aja tsopano akubwera ndi ana m'manja, kungokhala pakhonde kuti ndiwaone anawo. Aliyense akudziwa chimene ndiyenera kuchita, kupatula ine.

Musavutike kuyankha, kalata yanu idzafika tsikulo litadutsa. Mbuzi yotsalayo musagulitse.

Mwamuna wanu,
Pousga


Abidjan, 4 Okutobala 1998

Amake Nongma,

Moni kwa nonse. Ndili bwino, nthiti zapola.

Ndinanena.

Bwalo linadzaza kuposa tsiku lija. Mobio ankatchula mawu m'Chifalansa, ine n'kumabwereza pambuyo pake ngati mwana wa sukulu, wina n'kumamasulira m'Chimosi ndi m'Chijula kuti aliyense amve bwino. Khalidwe lakutchire, ndinanena. Lochititsa manyazi, ndinanena. Pofika poti ndinanyoza wakufa mawu anakana kutuluka. Mobio anadikira, sanandifulumize. Ndinaganiza za mbuzi yogulitsidwa kale ndi za mwana amene wauza mudzi wonse kuti akupita kwa bambo ake, ndiye ndinanena.

Anaomba m'manja. Mobio anandigwira chanza, akuti lero ndasanduka m'bale wawo, ndipo ndikuganiza kuti ankanena zochokera pansi pa mtima. Akuti nkhani yathu aitengera kwa akuluakulu a mzinda, ikakhale chitsanzo cha mmene anthu osiyana angakhalire pamodzi. Anansi anga aja anandinyamulira mpando. Mawa lake mtanda anaufufuta ndi penti yoyera, ndipo katundu wa chinangwa wayambanso.

Anthu akubalalika, Badjo anandipeza kuseri kwa tchalitchi, ali m'zakuda zake. Chichitikire maliro tinali tisanalankhulane, ankakhala m'nyumba monga amachitira amasiye kwawo. Anati, "Alamu, pamaliro onse aja munthu mmodzi yekha ndi amene analankhula ndi mwamuna wanga. Enawo ankalankhula ndi bokosi. Mawu anu aja ndi amene akhala akundigoneka tulo. Lero mwandilanda."

Ndinati, "Alamu, ndili ndi mkazi ndi mwana."

Anati, "Ndikudziwa. Sindikukuimbani mlandu. Ndikungokuuzani." N'kumapita.

Drabo ndi Asamo anzake sanakhale mpaka pomaliza. Sindinaone nthawi imene anachoka.

Wolembayu akufunsa ngati pali zina. Palibe. Kololani msanga, mbalame zingakutsogolereni.

Pousga


Abidjan, 15 Novembala 1998

Amake Nongma,

Moni wanga ufike kwa inu, kwa amayi, kwa a Noraogo ndi ana onse. Ndakondwa kumva kuti nkhokwe yadzaza. Simunandiyankhe kanthu pa za kubwalo zija, ndipo sindikufunsani. Ine thupi lili bwino.

Sibiri akufika kumeneko kumapeto a mwezi uno, ndipo mudzabwera naye. Adzakutengani mpaka ku Ouagadougou kukakwera sitima. Musenze ufa wa mapira ndi therere louma, kuno n'zodula. Mapepala anu mumange m'chiuno, osati m'thumba. M'sitima mukhale pafupi ndi amayi anzanu, ndipo pamalire akakukalipirani musayankhe, Sibiri alankhule. Ine mudzandipeza pasiteshoni ya Treichville. Mumuuziretu Nongma kuti munthu wopanda dzino lakutsogolo amene adzamuthamangire ndi bambo ake, asadzaope.

Misewu alambula. Mzere wakumunsi wonse unagwa, Garba ndi anzake anapakira zawo, kaya alowera kuti. Wathu watsala. Chitseko wandikhomera mmisiri wina wa ku Ghana, chimalimba potsegula koma chimatseka. Ndagula mphasa ziwiri ndi mphika. Badjo wavomera kudzakuphunzitsani moni wa kwawo ndi kaphikidwe ka atieke, kuti muzipezako kangachepe. Ndi ine salankhula zambiri.

Tsopano mvetsetsani izi. Mwanena kuti amayi akufuna kumutema Nongma mphini asananyamuke, kuti akasochera adziwike kwawo. Muwakanize, ngakhale akwiye, muwauze kuti ndanena ndine. Nkhope yake ibwere yosanena kanthu. Pamsika ndi pampopi muzilankhula motsitsa. Mwana akalira musamuimbire pakhonde, muzilowa naye m'nyumba.

Dzana ndinadutsa pa sitolo imene amalondera Drabo. Chibwerere mumzinda uno sindinadutsepo pamenepo osalandidwa chipewa, osatchedwa bulu, osauzidwa kuti ndigwadire mfumu. Chichokere kubwalo kuja ndinkazungulira njira ina, koma dzana ndinalimba mtima. Ndinachedwetsa ngolo dala, chipewa n'kuchisendezera kutsogolo kuti asavutike pochitenga. Anaimirira, anavula chake, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, bambo Nikiema? Kunyumba ali bwanji?" Ndinayankha kuti ali bwino. Anati, "Zikomo, muyende bwino." Ndinakankha ngolo mpaka kuseri kwa msika, pamenepo ndinakhala pansi n'kulira kuposa mmene ndinalirira m'dzenje muja. Anyamata aja anandimenya, Talato, koma sanandipweteke chonchi.

Ndiye chomaliza ndi ichi, ndipo ndicho chidzakuvuteni, poti pakamwa panu ndimapadziwa. Pamzere wathu pali mabanja awiri a Asamo, ndipo mudzakumana nawo pampopi m'mawa uliwonse. Mukadzamva kalankhulidwe kawo lilime lidzayabwa. Musadzawatukwane. Musadzawafunse za agalu, musadzawalande ndowa. Ndinalonjeza pabwalo m'malo mwa tonse, ndipo makutu kuno ndi ambiri. Mudzawapatse moni mwaulemu, ngati anthu amene simukuwadziwa. Nongma mumuphunzitsiretu m'sitima momwemo.

Bwerani, chipinda chilipo.

Ndine mwamuna wanu,
Pousga Nikiema